Nkhalamba ya Mabuleki

Panali munthu wina dzina lake Bizweki Kachala, woulutsa mapulogalamu pa wailesi ya kanema. Ndayamba ndi iyeyu chifukwa ndiye wolakwa m'nkhani ino, ndipo wolakwa azitchulidwa dzina. Amene analakwiridwa anali makanika wachikulire, a Mangulenje, amene galaji yawo inali pansi pa mtengo wa mango ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe.

Kachala anafika pa galajipo wapansi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, mnzake atanyamula kamera. Galimoto analibe. Pulagi ndi nati kwa iye zinali chimodzimodzi. Anakhala pa tayala lakutha n'kunena kuti akufuna kuyambitsa pulogalamu ya magalimoto, koma iye ali ndi pakamwa pokha, manja alibe. A Mangulenje anavomera kukhala manjawo. Kachala anagwira thunthu la mango uja n'kulumbira kuti, "Bambo, pulogalamuyi ikakula, ikulira pansi pa mtengo uno. Ndikadzakusiyani mudzandilavulire."

Pulogalamuyo anaitcha Tsegula Boneti, ndipo inkaoneka Loweruka lililonse folo koloko madzulo. A Mangulenje sukulu analekeza sitandade faifi, kotero ankalankhula monga amalankhulira ndi munthu wobwera ndi galimoto yakufa. Ankaika sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake kukhutu, n'kuuza dziko lonse pamene pakudwala. Ankaonetsa kusiyana kwa oyilo wabwino ndi oyilo wosungunula. Ndipo pomaliza, sabata iliyonse, ankalowa m'galimoto, kamera n'kuloza phazi lawo, iwo n'kunena mawu omwewomwewo: "Musanachoke, komanso musanatsike phiri, pondani buleki. Gwirani pomwepo, werengani mpaka teni. Phazi likamatsika lokha pang'onopang'ono, zimitsani injini. Ulendo wathera pomwepo."

Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, osadumpha Loweruka ndi limodzi lomwe. Anthu mpaka anawapatsa dzina loti nkhalamba ya mabuleki.

Pulogalamu inakula. Ogulitsa magalimoto ochokera kunja anayamba kuikamo malonda awo. Kachala anagula galimoto, anagulanso suti. Tsiku lojambula linali Lachinayi, ndipo Lachinayi lina a Mangulenje anavala ovololo yochapa, anasesa pansi pa mango, n'kudikira. Mthunzi unachoka kumadzulo kwa mtengo mpaka kukafika kum'mawa kwake, kamera osaoneka. Lachinayi lachiwiri chimodzimodzi. Lachinayi lachitatu sanachapenso ovololo.

Pa kanema zinthu zinali zitasintha. Pulogalamu inkajambulidwa pa kapinga wa ku mahotela. Magalimoto ake anali owala ngati mbale za pa ukwati. Oyimba ankafunsidwa galimoto imene amailota, ndipo pomaliza anyamata ankazunguliza galimoto pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi. Woonera wina anatumiza uthenga wofunsa kuti nkhalamba ya mabuleki ili kuti. Kachala anauwerenga akuseka, n'kuyankha kuti, "Aja tinawapumitsa. Magalimoto a masiku ano amapimidwa ndi kompyuta, osati ndi phazi la agogo."

A Mangulenje anamva zimenezi ndi makutu awo, atakhala mu tiyirumu ya pafupi ndi galaji, momwe amakanika ndi madalaivala ankaonerera kanema. Onse anawatembenukira. Iwo anamaliza tiyi wawo n'kutuluka.

Kuyambira pamenepo oonera anagawikana. Mkangano unali m'maminibasi, m'mafoni, ngakhale pa mizere ya mafuta. Mu tiyirumu muja unkatsogoleredwa ndi anthu awiri: Likongwe, dalaivala wa minibasi, ndi Padambo, wogulitsa masipeya.

"Tsegula Boneti yake iti?" ankatero Likongwe. "Miyezi itatu boneti sitinaione itatsegulidwa. Angoitcha Tsegula Botolo, tidziwe chimodzi."

"Akulu, inu mukufuna chiyani?" ankayankha Padambo. "Sabata yonse tili m'girisi, Loweruka nalonso girisi? Tisiyeni tione galimoto yoti sitidzagula. Maso salipira msonkho."

"Ikakufera pa Nathenje, oyimba akowo adzabwera kudzakukankha?"

"Nanga werengani mpaka teni uja? Zaka sikisi nyimbo imodzi! Mwana wanga wa ku mkaka anachita kuiloweza."

"Akaloweza mwana ndiye kuti yalowa, mbuzi iwe."

Chilungamo chake, Padambo sanali chitsiru. Pulogalamu yatsopanoyo inkaonedwa ndi anthu ambiri kuposa yakale. Amayi ndi ana amene kale ankathawa ikayamba, tsopano ankalimbirana mpando. Zimenezi n'zimene zinkawapweteka kwambiri a Mangulenje, chifukwa bodza umalikana, koma choonadi chimangokukhala pakhosi.

Mtima wawo unauma. Kale munthu akabwera ndi galimoto, ankamuitana kuti aweramire limodzi mu injini, aone chavuta. Tsopano ankakonza atamufulatira. Wina akafunsa kuti chinavuta n'chiyani, ankamuyankha kuti, "Kafunseni kompyuta."

Panali chinthu chimodzi chimene chinkawayabwa koposa. Wailesi ija inkabwereza mapulogalamu akale Lachiwiri m'mawa, nthawi yoti anthu ali ku ntchito, pongofuna kutseka mpata. Kwa a Mangulenje kumeneku kunali kutukwana kawiri. Loweruka akusekedwa, Lachiwiri akugwiritsidwa ntchito ngati chigamba. Anaitana Likongwe, amene anali ndi dzanja labwino polemba, n'kumuuza mawu oti alembe. Kalatayo inali yopita kwa akuluakulu a wailesi. Inkanena kuti mapulogalamu onse amene muli nkhope ya a Mangulenje achotsedwe ndi kufufutidwa, pasatsale ndi imodzi yomwe. Anasaina, anaipinda, n'kuiika m'thumba la pachifuwa la ovololo, kuti Lolemba akaipereke okha.

Lolemba m'mawa, akutseka bokosi la masipanala kuti anyamuke, lole ya matani atatu inaima pansi pa mango. Pa chiwongolero panatsika mayi wa zaka ngati makumi atatu, atavala chitenje pamwamba pa thalauzi. Anayang'ana mtengo, anayang'ana nkhalambayo, n'kugwada pa dothi la oyilo lomwelo.

"Ndinu a Mangulenje. Ndakudziwirani mtengowu. Ine ndine Nangondo, ndimayendetsa lole iyi ku Dedza."

"Ngati yafa, bwerani mawa. Lero ndili ndi ulendo."

"Siinafe, bambo. Ndi chifukwa chake ndabwera."

Anafotokoza ali chogwada. Masabata awiri m'mbuyomo anatumidwa kunyamula amayi makumi anayi a kwaya, kupita nawo ku maliro ku Golomoti. Msewu wake ndi wa Khwekhwerere, wotsika phiri mokhotakhota, phompho lili pambali. Atafika pamwamba, asanayambe kutsika, anaima n'kuponda buleki monga amachitira nthawi zonse. Anawerenga. Pofika pa sikisi, phazi linayamba kutsika lokha. Anayesanso, zomwezo. Anazimitsa injini.

Amayi aja anamukalipira. Ena ankati maliro aikidwa iwo ali pamsewu. Ena ankati n'chifukwa chake safuna dalaivala wamkazi, mantha. Mwini lole anakuwa pa foni kuti buleki imeneyo ukaipopa kawiri imagwira, asamuchititse manyazi kwa anamfedwa. Nangondo anazula kiyi, anamumanga pa mfundo ya chitenje, n'kukakhala pa mwala. Anakhala pamenepo maola atatu akutukwanidwa, ndipo maliro anaikidwadi iwo kulibe. Makanika atabwera, anapeza paipi ya mafuta a mabuleki itadyeka chifukwa chokhulana ndi chitsulo. Anangoponda kamodzi mwamphamvu, paipi ija phuli, mafuta onse pansi. Kenako mmodzi wa amayi aja anayambitsa nyimbo.

Atatha kufotokoza, Nangondo anaimirira n'kutsitsa thumba la mbatata ya kachewere m'lolemo.

"Amayi aja ndi amene atumiza. Aliyense waikamo za m'munda mwake. Akuti mukapereke kwa nkhalamba ya mabuleki."

A Mangulenje anayang'ana thumbalo. Mbatata zake zinali zosiyanasiyana, zina zazikulu, zina ngati mazira a nkhunda, zina zofiira. Zinkaoneka kuti zachokeradi m'minda yambiri.

"Zimenezi munaonera liti, mayi?"

"Lachiwiri m'mawa, zobwereza zija. Pamene zinkaoneka koyamba kwathu kunalibe magetsi. Ndimaonera pa sitolo tikamadikira katundu."

Likongwe anali ataima pomwepo ndi minibasi yake, kudikira kuti awaperekeze ku wailesi. A Mangulenje anatulutsa kalata ija m'thumba, anaing'amba pakati, anatsegula boneti ya lole ya Nangondo, anasolola kachitsulo kopimira oyilo, n'kukapukuta ndi kalatayo.

"Madala, mwatani?" anakuwa Likongwe. "Ndinalemba kawiri imeneyo! Mwamukhululukira Kachala?"

"Sindinamukhululukire. Kachala ndi wabodza. Koma phazi langa lokha silikanafika ku Dedza. Inalinyamula ndi kamera yake." Anatembenukira kwa Nangondo. "Bwerani kuno, mayi, weramani. Oyilo wanu wada. Ndikuonetseni."

Madzulo ake anagawa mbatata ija kwa amakanika onse a ku Biwi, ndipo Padambo naye analandira. Loweruka lotsatira, ndi Loweruka lililonse kuchokera pamenepo, a Mangulenje ankatsegula boneti pansi pa mango nayini koloko m'mawa, kwa dalaivala aliyense wofuna kuweramira mu injini. Kamera panalibe. Padambo ndiye ankabweretsa benchi, ngakhale folo koloko ikakwana ankathamangirabe kukaona magalimoto ake owala, n'kumakangana ndi Likongwe monga kale. Pomaliza phunziro, nkhalamba inkalowa m'galimoto n'kuponda buleki, ndipo anthu onse ankawerenga nayo mokweza mpaka teni.

Tsono inu amakanika ndi madalaivala anzanga, imvani. Aliyense wa inu ali ndi Kachala wake, amene anakwera pamsana panu n'kukafika pamwamba, kenako n'kukusekani. Mkwiyo wanu ndi woona, sindikuuzani kuti muumeze. Koma musanatenthe ntchito ya manja anu pofuna kumulanga, dziwani kuti simudziwa amene akuidya. Kalata ija ikanapita, Kachala sakanataya tulo. Akanaluza ndi dalaivala wina amene magetsi angofika kumene kwawo. Thokozani kuti chimene munaphunzitsa chinayenda mtunda umene inu simunaponde, ngakhale chinanyamulidwa ndi munthu wopanda ulemu. Ndipo chinthu chopulumutsa moyo muzichibwereza, anthu atope nacho, akupatseni nacho dzina.

A Mangulenje anathokoza Mulungu, anathokoza amayi makumi anayi aja, anathokozanso mayi amene anakhala pa mwala maola atatu. Kamera ija nayo anaithokoza. Koma Kachala analumbira atagwira mtengo, ndipo ananyoza nkhalamba dziko lonse likumva. Amadutsa pa msewu wa ku Biwi magalasi atakweza. Mtengo ulipo, nkhalamba ilipo. Pepani wake mpaka lero sanabwere naye.