Goodluck Shaba Atsitsa Pikapu

Goodluck Shaba adali munthu wamfupi, ndipo chimenechi chinkamudya mumtima kuposa momwe anzake ankaganizira. Pa Mzimba Boma ankadziwika ndi geni ya mbatatesi ndi matabwa. Zinthu zitamuyendera, adagula pikapu yakale kwa ocheka matabwa a ku Luwawa. Chidali chigalimoto chamsinkhu, cha matayala ofika m'chiuno mwa mwiniwake, chozolowera zitunda ndi matope a m'nkhalango. Vuto lidali pokwera. Goodluck ankayamba wagwira chitseko ndi manja awiri, kenako n'kudzikoka ngati mwana wokwera mtengo wa mango. Potsika ankachita kudumpha.

Tsiku lina pamsika, akudumpha choncho, thalauza lidang'ambika kumbuyo. Anyamata a kabaza sadziwa kubisa mano.

"Bwana, mawa tikubweretsereni makwerero?" adafunsa mmodzi, anzake n'kufa nako kuseka.

Goodluck adafika kunyumba nkhope ili gwa. Adauza mkazi wake Christobel, yemwe ankamuitana kuti NyaTembo potengera mfunda wa bambo ake, kuti galimoto ija akukaitsitsa ku galaja.

"A dada a Taonga, ndapota, isiyeni momwe ilili," adatero Christobel, pomuitana ndi dzina la mwana wawo. "Msewu wa kwathu kuseri kwa Champhira mukuudziwa. Malole akadutsa m'dzinja amakumba uku ndi uku, pakati n'kusiya chitunda ngati mzere wa mbatata. Mukaitsitsa, mbwenu idzakhala pamimba."

"Ndikuchitira inu nomwe. Mumavutika kukwera ndi chitenje."

"Ine ndidayamba ndadandaulapo?"

"Za galimoto mwaziyamba liti, NyaTembo? Msewu umenewo ndauyenda kangati ine?"

Za thalauza sadatchule. Munthu akafuna kubisa manyazi ake amawaveka malaya a chifundo, ndipo Goodluck luso limeneli adali nalo.

Feston, makaniko wa kuseri kwa depoti, sadali munthu wokana ntchito. Adachotsako zitsulo zina pa masipuling'i, adavula matayala akuluakulu aja n'kuikapo ang'onoang'ono. Pikapu idatuluka m'galaja itagwada. Goodluck adalowamo mosavuta ngati akukhala pampando wa pabalaza, ndipo adadutsa dala pamsika kawiri, chigongono chili pawindo. Chilimwe chonse adayenda mokoma. Akafika pakhomo ankaliza hutala n'kufunsa mkazi wake kuti mimba ya galimoto ija yakhala pati. Christobel ankangoti, "Yewo," zikomo wa Chitumbuka, n'kupitiriza ntchito yake.

Mvula itafika pachimake m'mwezi wa Febuluwale, a Tembo, bambo ake a Christobel, adamwalira m'chipatala cha pa Boma. Kumudzi adalengeza kuti mwambo woika maliro uchitika tsiku lotsatira masana, poti abale ochokera kutali ankayenera kubwerera ku ntchito. Mateyu, mchimwene wake wa Christobel, adati apeze lole yonyamula thupi. Goodluck adaimirira pakati pa anthu panja pa nyumba yachisoni.

"Mlamu, ine mkamwini ndilipo, galimoto ndili nayo. Apongozi anga akwere lole ya matabwa? Anthu adzanditenga bwanji?"

Christobel, maso ali psuu ndi kulira, adamukokera pambali. "Kwagwa mvula sabata yonse. Ndapota chomene, lolani lole."

"Lirani bambo anu, za ulendo mundisiyire ine," adayankha Goodluck.

M'mawa mwake adakweza bokosi kumbuyo. Amayi a mvano adakhala mozungulira, amuna angapo m'mbali, kuphatikizapo matumba a ufa wa pamaliro. Pikapu idatsikiratu. Pa tala sipadali chovuta, nyimbo zinkamveka bwino, ndipo Goodluck ankaona anthu a m'mbali mwa msewu akuima ndi kuvula zipewa. Mtima wake udakhala m'malo.

Atapatuka kusiya tala, kunsi kwa galimoto kudayamba kukhula pansi. Koyamba amayi adangodukiza nyimbo pang'ono. Kachiwiri Mateyu adamenya denga kuti aime, anthu ena atsike. Goodluck adaona kuti kuima n'kuvomera kuti mkazi wake adanena zoona, choncho adaponda moto. Pokwera kuchokera kudambo galimoto idagunda mwala wobisika m'chitunda chapakati, bokosi lidasuntha mpaka kugunda chitsulo chakutsogolo, ndipo mayi wina adakuwa. Matayala adazungulira m'malere, akumwaza matope. Injini idatsokomola n'kuzima. Goodluck atatsika adaona oyilo wakuda akuyenderera pamwamba pa madzi a m'msewu.

Amuna adakankha, adakumba ndi manja, adaika nthambi kunsi kwa matayala, koma galimoto idali itakhala pamimba ndithu. Mvula nayo idayambiranso. Kuti ayese kuinyamula, padafunika kutsitsa zonse. Palibe mwana amene amafuna kuona bokosi la kholo lake lili pansi m'mbali mwa msewu, koma ndi zomwe zidachitika. Adalisanjika pa nthambi za bulugamu. Christobel adavula chitenje chake chapamwamba n'kulifunditsa, nakhala pansi m'matopemo, dzanja lili pabokosi. Sadamuyang'ane mwamuna wake. Goodluck adalakalaka akadamulalatira.

Anthu ochokera kuminda adayamba kusonkhana. Ankafunsana chapansipansi kuti maliro ndi a yani, nanga woyendetsa ndani. Dzina la Shaba lidayenda pakamwa ndi pakamwa iye ali pomwepo, suti yakuda ili matope mpaka m'mawondo. Adayesa kuimbira eni malole, koma aliyense ankati ndi mvula imeneyo sangalowe msanga. Mateyu adangouyamba wapansi kupita kumudzi, ndipo adabwerera dzuwa litapendeka ali ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri.

A Tembo, mkulu wa mpingo amene anthu ankamulemekeza dera lonselo, adalowa m'mudzi mwawo pangolo yonyamulira manyowa, atayala udzu. Goodluck ankayenda kumbuyo kwenikweni, mutu uli pansi. Adapeza anthu atakhala chidikirire kuyambira m'mawa, abusa atapita ku maliro ena, manda atadzaza madzi. Mwambo udasunthidwira mawa lake. Mlongo wa malemu, gogo wochokera ku Kasungu, adakwera galimoto yomwe idamubweretsa osaponyako dothi pamanda a mchimwene wake, akulira ngati mwana.

Goodluck adakhala kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi amuna anzake. Ankayembekeza kuti amuitana pabwalo, amudzudzule, mwina amulipiritse, ndipo akadakondwa kulipira kuti nkhaniyo ithe. Koma amene adabwera ndi Mateyu yekha. Adanjuta patsogolo pake mwaulemu wonse.

"Mlamu, amama andituma. Akuti yewo chomene, mwayesetsa. Akuti mawa musavutike kunyamula nawo bokosi, mwatopa. Anyamata alipo."

Goodluck adamvetsa bwino lomwe zimene apongozi ake ankatanthauza. M'mawa mwake akamwini anzake adasenza bokosi paphewa kupita kumanda, iye ali m'gulu la anthu wamba, manja ali lende, akumva maso a mudzi wonse pamsana pake. Mkazi wake adamuchenjeza kawiri, mlamu wake adamenya denga kuti aime, iye osatchera khutu. Akuluakulu sadaname pamene adati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.