Dzenje la Tsitsi pa Phiri la Chimeto

Makolo a ife anthu a m'chigwa cha Thundulu anafika kuno kuchokera kumpoto chakumadzulo, pa nthawi imene mapira ndi mawere ndizo zinali mbewu za m'munda, njovu zikuyenda m'madambo muno popanda woziopseza. Amene anawatsogolera anali mayi wina wotchedwa Nachisale. Nachisale anabala Nalikole, Nalikole anabala Namphande, ndipo Namphande anabala ana atatu amene mbiri iyi ikunena za iwo: Kachembwe woyamba, Liwewe wachiwiri, ndi mlongo wawo Nangondo, mzime.

Ine ndimaphunzitsa mbiri pa sukulu ya pulayimale ya m'chigwa chino, ndipo zimene ndalemba pano ndinazimva kwa malemu bambo Chikaonda, amene ankasoka nsapato pamsika, ndiponso kwa mayi Nasiwa, namkungwi wa kumtunda. Awiriwa sankagwirizana pa chilichonse, ngakhale za mvula ya dzulo, koma pa nkhani iyi mawu awo anali amodzi.

M'masiku amenewo m'chigwa muno munali akapolo. Ena anali ogwidwa pa nkhondo, ena operekedwa ngati chikole pa milandu, ena anangofika akuthawa njala n'kudzipereka okha. Pofuna kuwasiyanitsa, makolo ankawameta mbali imodzi ya mutu, pamene mfulu ankasunga tsitsi lake lonse n'kumalidzoza mafuta a nsatsi. Ndinena poyera kuti chinali chinthu choipa, ngakhale kuti amene ankachichita ndi agogo anga omwe.

M'nyumba ya Nangondo munali kapolo wamkazi dzina lake Mwandida. Nangondo atabala mwana wake woyamba, mkaka unauma, ndipo Mwandida, amene nayenso anali ndi khanda, anayamwitsa ana onse awiri, wake bere lina, wa Nangondo bere lina. Kuyambira pamenepo akazi awiriwa ankadyera mbale imodzi akakhala okha, koma pabwalo mmodzi anali mfulu, wina wa mutu wa theka.

Tsono kunabwera amalonda ochokera kutali kummawa, atanyamula nsalu zoyera, mikanda, mfuti ndi wonga. Minyanga ya njovu ankaifuna, koma ankafunitsitsa anthu oti awamange m'magoli. Kachembwe sanali munthu wankhope yoopsa ayi. Anali mlenje wa njovu, wowolowa manja, woseka mokweza mwakuti tsidya lina ankadziwa kuti wadzuka, koma nsalu yoyera inamulowa m'maso.

"Kodi tikugulitsa m'bale wa ndani?" anafunsa pamsonkhano. "Tikugulitsa a mutu wa theka basi."

Liwewe, amene anali wosula makasu, munthu wochepa mawu, anaimirira nati, "Achimwene, munthu amene ndalima naye mzere umodzi sindingamusinthanitse ndi nsalu."

Mawu awiriwa ndiwo anang'amba chigwa pakati. Midzi ya kunsi kwa mtsinje inatsata Kachembwe, midzi ya kumtunda inatsata Liwewe, ndipo akapolo anathawira kumtunda, natenga mikondo kuti adziteteze okha. Nkhondo inatenga zilimwe zingapo, ndipo inali yoipa kuposa nkhondo ya adani akutali, chifukwa woponya muvi ankadziwa dzina la amene akumuponyera. Nkhokwe zinapsa, maukwati anasweka, mtsibweni anabisalira mwana wa mlongo wake panjira ya kumunda. Pomaliza anakumana patsinde pa phiri, mfuti za kunsi zinaposa mauta a kumtunda, ndipo Liwewe anagwa pomwepo.

Kachembwe analengeza kuti maliro a mng'ono wake akangotha, aliyense wa mutu wa theka amangidwa m'goli, ndipo woyamba akhala Mwandida, chifukwa ndiye ankasenza madzi ndi mivi kupita nayo kwa ankhondo a kumtunda. Amalonda anamanga misasa padoko la mtsinje, akudikira.

Apa ndiyenera kufotokoza mwambo wa kwathu kuno, chifukwa popanda iwo nkhaniyi siimveka. Maliro ankatha ndi chimeto, ndipo tsiku limenelo palibe ankagwira chida. Mkulu wake wa malemu ankakhala pamphasa poyamba, nametedwa ndi mlongo wake amene ankasunga lumo la banja. Akametedwa ankakhala pambali atazyolika, osadzutsa mutu, osatulutsa mawu, kufikira lumo litatsukidwa. Abale onse ankametedwa pamphasa yomweyo, tsitsi lonse n'kukwiriridwa m'dzenje limodzi, ndipo aliyense amene tsitsi lake lalowa m'dzenjemo ankawerengedwa m'bale wa malemu mpaka kalekale. Wogulitsa m'bale wotere ankaitanira mzimu wa malemu pa ana ake. Akapolo pa tsikulo ankangotunga madzi, n'kuima patali.

Mmawa wa chimeto Kachembwe anakwera phiri lija, kumene kunali maliro, ndi ankhondo ake, mfuti atazisiya mmunsi. Analira, ndipo akulu amati kulira kwake kunali koona. Anakhala pamphasa, Nangondo anamumeta mpala, iye n'kusunthira pambali, n'kuzyolika monga mwa mwambo. Anthu ankayembekeza kuti tsopano aitanidwa atsibweni.

Nangondo anakweza mawu nati, "Mwandida, tula mtsukowo, bwera ukhale apa."

Mwandida anayang'ana kumbuyo ngati pali Mwandida wina.

"Ine, mayi?"

"Iwe amene. Mwana wa m'mimba muno anakula ndi mkaka wako, ndipo Liwewe anafera iwe. Ngati iwe suli mwini maliro awa, mwini wake ndani? Khala pansi."

Mwandida anakhala, ndipo theka la tsitsi limene linatsala pamutu pake linagwera pamwamba pa tsitsi la Kachembwe. Abale anga, taganizani! Mwini mfuti zonse za m'chigwa anali pomwepo, akumva chilichonse, mitsempha ya m'khosi itatupa, thukuta likugwera pansi, koma mutu sanadzutse, pakuti wodzutsa mutu pa chimeto ankakhala ngati watukwana malemu pamaso pa anthu. Ankhondo ake anayang'ana kwa iye kuti awalamule, koma anangoona mpala.

Nangondo anaitana kapolo wachiwiri, kenaka mfulu, kenaka kapolo, akusakaniza dala. Lumo likabuntha, akazi ankalinola pamwala n'kumubwezera, osalikhudzitsa madzi ngakhale dontho, chifukwa onse anali atazindikira chimene chikuchitika. Wina anayamba kuimba nthungululu, pamaliro, ndipo anzake m'malo momudzudzula anamulandira. Azakhali ena, a Nasimbeko, anakana kwamtuwagalu kukhala pamene pachoka kapolo.

"Palibe kanthu, azakhali," anatero Nangondo. "Sungani tsitsi lanulo, dziko lonse lidziwe kuti Liwewe simunamulire."

Amati mayi wokalambayo anathamangira pamphasa ngati mtsikana, n'kukankha amene anali patsogolo pake.

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, lumo likugwirabe ntchito, manja a Nangondo atatupa. Atameta khanda lomaliza, lomwe linali ndi timatsitsi tochepa chabe, m'pamene anaviika lumo m'madzi. Kachembwe anadzambatuka, khosi litauma.

"Mlongo wanga, wandichita chiyani? Patula tsitsilo msanga!"

"Mphasa ndi iyo, achimwene," anayankha Nangondo. "Tolani lanu."

Kachembwe anawerama ndithu kuti atole. Nthawi yomweyo kamvuluvulu anatsika kuchokera pamwamba pa phiri, tsiku lopanda mphepo, nanyamula tsitsi lonse pamphasa, nalizunguza m'mwamba anthu akuona, nalitsitsira m'dzenje popanda ngakhale limodzi logwera kunja. Umenewo unali mzimu wa Liwewe, ndipo bambo Chikaonda ankakwiya kwambiri munthu akati mwina inali mphepo chabe.

Kachembwe anasuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali. Kenaka anaseka, kuseka kwake kuja kwa mlenje, mpaka misozi inatsika, ndipo palibe anadziwa pamene kuseka kunathera ndi pamene kulira kunayambira.

"Ndinamugonjetsa ali moyo," anatero, "iye wandigonjetsa ali m'manda." Anatembenukira kwa Mwandida nati, "Mlongo, ndipatseko madzi akumwa, kukhosi kwauma."

Mwandida anamupatsa, koma anamupatsa ataimirira, osagwada.

Ankhondo a kunsi, amene ambiri anali asuweni a malemu, anapempha kuti nawonso ametedwe, ndipo lumo linatulukanso. Kutacha amalonda anabwera patsinde pa phiri ndi magoli awo, napeza phiri lonse lili mipala yokhayokha ikunyezimira padzuwa, mauta a kumtunda ndi mfuti za kunsi zitaloza mbali imodzi. Kachembwe anawafuulira kuti, "Munkafuna a mutu wa theka, sankhani nokha!" Iwo anayang'ana, anayang'ananso, nabwerera mmbuyo mpaka anaoloka mtsinje, magoli atawataya m'njira. Akazi anawatola n'kusonkhera moto wa mowa wa chiyanjano, ndipo gule anavinidwa mpaka fumbi linafiira m'mitengo.

Sindibisa kuti chimwemwecho chinali ndi chilonda. Amene anagulitsidwa nkhondo ili mkati sanabwerere, ndipo mayina awo ambiri anatayika. Koma kuyambira tsiku limenelo m'chigwa muno simunametedwenso munthu theka, ndipo wotchula mnzake kapolo ankalipa mbuzi. Tsitsi linamera mofanana, ana anakwatirana, ndipo lero banja lililonse, la kumtunda ndi la kunsi lomwe, limalimbikira kuti Mwandida ndi agogo awo enieni.

Phirilo mpaka pano limatchedwa Chimeto. Pamene panali dzenje pamamera udzu wakuda bii, wosalala, umene mbuzi siziudya ndipo moto wolusa umaulambalala. Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa ukapolo, ndimakwera nawo kumeneko ana a sitandade seveni ndi eyiti, chifukwa ndinaona kuti nkhondo ya abale siimveka pabolodi. Amakwera akuphokosera, akulimbirana kuti ndani akhale Liwewe ndani akhale Nangondo, ndipo wokhala Kachembwe amavutika koopsa kuzyolika osaseka.

Ulendo wapitawu, mtsikana wina wotchedwa Ndaziona anakhala pambali anzake akusewera. Kenaka anabwera pafupi n'kufunsa motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, anyamata ena amanditi kwathu ndi kwa akapolo. Kodi n'zoona? Inu mukudziwa?"

Anyamatawo anali pomwepo, akuyang'ana zala zawo za kumapazi. Ndinawaitana, ndinawalozera udzu uja, ndipo ndinati, "Inu odziwa mibadwo ya anzanu, ndizulireni udzu umodzi wa kapolo, muusiye wa mfulu."

Wamkulu mwa iwo anagwira kaudzu kamodzi n'kukoka. Sikanabwere kokha. Dothi linatukuka, mizu yonse italukana pansi kuchokera mbali ina ya dzenje kukafika mbali inayo, mwakuti udzu wa patali unagwedezeka. Mnyamatayo anausiya msanga, nabwezeretsa dothi ndi manja ake onse awiri. Ndaziona anagwada pambali pake n'kumuthandiza kutsendera.