Nsidze za Mayi Kalonjere

Munthu amene mwangomuthamangitsa kumene akakulonjezani za ulere, gwirani nkhope yanu.

Mayi Kalonjere, wapampando wa msika wathu, anauza Felesita wokonza nsidze kuti likamafika Loweruka akhale atachotsa benchi yake. Malowo ankafuna kupatsa mlamu wawo wogulitsa kaunjika.

"Palibe vuto, amayi," anatero Felesita. "Loweruka lomwelo si chinkhoswe cha mwana wanu? Mubwere m'mawa ndidzakukonzeni ulere, tisiyane bwino."

Anabweradi. Felesita anameta nsidze zonse ziwiri ndi lezala, pamphumi pangoti see! Anajambula yakumanja ndi pensulo, yopindika mochititsa kaso, kenako n'kuyamba kulongedza katundu.

"Iwe, nanga inayi?"

"Nthawi yanga pamalo ano yatha, amayi. Lamulo ndi lanu, ine ndani kuti ndiliphwanye?"

Mayiwo anayesa kujambula okha, koma inatuluka ngati mchira wa buluzi. Galimoto yopita kuchinkhoswe inali ikuliza hutala pageti.

"Bweza benchiyo, sukuchoka," ananong'ona.

"Mukweze mawu, amayi, a tomato nawonso amve."

Felesita akadali pomwepo mpaka lero. Mayi Kalonjere ndiwo analipira: nsidze ziwiri, ndi mlamu mmodzi amene sawapatsanso moni.