Jakisoni Mpeni Usanafike

Ku Bembeke kunkakhala mayi wina woweta mbuzi, anthu ankangowatchula kuti Nachisale. Anali ndi galu wamkulu dzina lake Dziwazako. Chibwerere galuyo pakhomopo, afisi anasiya kuyandikira khola.

Tsiku lina galu uja anameza chitsononkho cha chimanga. Chinakatsakamira m'matumbo, osapita kutsogolo, osabwerera. Kudya anasiya, madzi akamwa ankangosanza. Tsiku lachitatu Nachisale anamukulunga m'chitenje, namukweza pangolo, ulendo kwa dokotala wa ziweto.

Adokotala atapapasa pamimba anati, "Apa mpofunika kung'amba, mayi. Koma ndiyamba ndamubaya jakisoni wopha tizilombo, kenako tidikire pang'ono mankhwala alowerere m'magazi."

Nachisale anapsa mtima. Galu akupumira m'mwamba chonchi, nkumadikiranso?

"Adokotala, chilonda alibe, mafinya alibe. Mankhwalawo akapha chiyani? Ng'ambani msanga, jakisoniyo mudzamubaye akayamba kutupa!"

"M'matumbomu muli tizilombo tosawerengeka. Ndikangotsekula, tituluka. Ndikufuna tizilombo timeneti tikapeze mankhwala atafika kale. Tizilomboto tikatsogola, bala liola. Galu ndi wanu, mayi, nenani."

Nachisale anayang'ana galu, anayang'ana singano. Kenako anagwira mwendo wa Dziwazako.

"Bayani."

Adokotala anabaya jakisoni uja. Nachisale anadikira panja, kukhala pansi osatheka. Kenako adokotala anagoneka galu tulo, anang'amba, natulutsa chitsononkho chakuda bii, chonunkha. Anasoka.

Kunyumba, m'mawa uliwonse mayi aja ankagwada kusuzumira pamimba pa galu. Bala louma gwa! Mafinya ayi, kutupa ayi. Patatha sabata ziwiri, akuchokera kumjigo atasenza ndowa ya madzi, anangoona Dziwazako akubwera chothamanga. Anawalumphira pachifuwa, ndowa ija pansi khu! Nachisale ananyowa thupi lonse, koma nthungululu yawo inamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Abale anga, ambirife timafuna pemphero bala litaola kale. Baibulo timalifufuza maliro atalowa m'nyumba, banja litasweka. Lero mwina mukuti, "Ine ndili bwinobwino, Mawuwa akachiza chiyani?" Alandireni lero lomwe, musanamve kupweteka. Tsiku la mpeni limafikira aliyense. Koma mayesero akadzatulukira, adzapeza Mawu a Mulungu atafika kale m'magazi mwanu. Adzakung'ambani, inde, koma simudzaola. Mudzadzuka, mudzathamanga, ndipo amene ankakulirani adzaimba nyimbo!