Kalongonda wa Phoebe

Kwawo kwa Phoebe ku Mpama chakudya sichinkatayidwa. Nsima ikatsala masana, madzulo inkabweranso pamphasa ili mkute, ataiwamba pamakala. Nthochi zikapsa mpaka makoko kuda, mayi ake ankazikanya ndi kaufa n'kukazinga zitumbuwa. Mbatata ya dzulo inkadzuka ili futali. Phoebe, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ankadya zonsezi nkhope ili kumbali. Mtima wake unali utasamukira kale ku Njuli, m'kanyumba ka malata kamene Kalisto, mmisiri wa matabwa, anamulonjeza kuti adzakhalamo awiriwiri.

Loweruka lina dzuwa lili paliwombo, Kalisto anaimba foni. Anati afika madzulo omwewo ndi azakhali ake, aEsnat, amene anamulera, kuti adzaone mbeta asanatume ankhoswe.

"Koma tidzapeze kalongonda," anatero akuseka. "Azakhali amati mtsikana wosadziwa kalongonda si Mlhomwe, ndi wa m'tauni."

Anali macheza chabe, koma Phoebe anawanyamula pamutu ngati mtolo. M'nyumba munalibe ufa wokwanira kuphika, poti kuchigayo magetsi anali atazima masiku awiri. Kalongonda yekha ndiye analipo, wouma, m'thumba kuseri kwa chitseko.

"Iwe, kalongonda saphika tsiku la mlendo," anatero mayi ake akumanga mpango kuti apite kumaliro kutsidya kwa mtsinje. "Nyemba zimenezi zili ndi ululu. Uwiritse, usende, utaye madzi, uwiritsenso, utayenso, mpaka madzi akudawo atayera. Ukaika pamoto lero, odya adya mawa. Kazinga zitumbuwa, uwapatse ndi tiyi. Kenako uwambe mkutewu, nandolo watsala uja alipo."

"Amayi! Apongozi ndiwapatse mkute? Akandinene kuti chiyani ku Njuli?"

"Akudzera iwe, sakudzera mbale."

Mayi atangozimirira m'chinangwa, Phoebe anavundikira mkute ndi lichero n'kuukankhira pansi pa bedi ngati mlandu. Anasonkha moto wa mapesi a nandolo, wolilima ngati wa ng'anjo ya njerwa. Moto waukali, anaganiza choncho, uchita m'maola anayi zimene moto wa amayi umachita tsiku lathunthu. Anataya madzi koyamba, anasenda, anatayanso kachiwiri. Madzi achitatu anali akadali bii, koma dzuwa linali litapendeka, ndipo iye anali asanasambe. "Ndi mphikawu wakuda," anadzinamiza. Anathira mchere ndi tomato, napita kukavala diresi lake la kutchalitchi.

Alendo anafika ndi dzuwa la kachisisira. Phoebe anagwada, anapereka madzi osamba m'manja, n'kukakhala patali maso ali pansi, monga achitira mbeta. Sanalawe ngakhale nyemba imodzi.

AEsnat anatafuna ziwiri zitatu, nachita tsinya. "Kalisto, ameneyu ngati akuwawira kukhosi."

"Ndi lilime lanu, azakhali, lakalamba," anatero mnyamatayo, akuponya diso kwa bwenzi lake kuti asachite manyazi. "Ngati simukufuna, bweretsani kuno."

Anamaliza mbale yake, anamalizanso ya azakhali. Phoebe mtima unkavina. Anali asanaonepo munthu akumukonda poyera chonchi.

Mayi ake pochokera kumaliro anapeza Kalisto atagwira mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu, akuti bwalo likuzungulira. Anasanza, anagwa, anayamba kubwebweta zosamveka, maso ali tong'o osazindikira munthu. Mayiwo anangosuzumira mumphika, naika manja kumutu. Anamukweza pa kabaza wa njinga yamoto, aEsnat atamugwira kumbuyo, ulendo kuchipatala.

Kalisto anagonako masiku atatu. Tsiku lachitatu Phoebe anakazinga zitumbuwa, zomwe zija anazinyoza, nazikulunga m'kansalu. Pakhomo la chipinda cha odwala anakumana ndi aEsnat.

"Wabweretsanso china choti umumalize?"

"Azakhali, ndinalakwitsa kaphikidwe. Ndinafulumira."

"Usanditchule azakhali. Mwana wa Mlhomwe alakwitsa kalongonda? Nena bwino, unathiramo chiyani? Atsikana inu mumafuna mwamuna azikutsatirani ngati mbuzi ya pachingwe."

"Ndinachita manyazi kukupatsani mkute."

Mawu a aEsnat anatsika, koma sanafewe. "Mkute? Kalisto ndamulera ndi mkute ine. Ukanatipatsa, bwenzi lero ankhoswe ali pakhomo panu. Pita, mwanawe. Kaya unathira kaya sunathire, mwana wanga sadzadyanso za m'manja mwako."

Mbiri inafika ku Mpama Phoebe asanafike. Pamjigo azimayi ankasiya kulankhula akamuona. Foni ya Kalisto inkangoitana osayankhidwa, ndipo mvula isanagwe anamva kuti wasamutsa zipangizo zake kupita ku Limbe.

Madzulo a tsiku limene anamva zimenezi, mayi ake anawamba mkute, natenthetsa nandolo, n'kumuikira patsogolo. Phoebe ananyema nthongo. Mkutewo unali wofunda, wonunkhira utsi, wokoma kuposa mmene ankaudziwira. Ankafuna kufika ku Njuli tsiku limodzi mofulumira. Tsopano njira yonse inali itatsekeka. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.