Makutu a Aphunzitsi

M'kanyumba kojambulira zithunzi, pakati pa wometa ndi wosoka nsapato, munali ntchito ziwiri, ndipo mwini wake sankakayika kuti yapamwamba ndi iti. Pafupi ndi khomo akazi awo ankajambula tizithunzi ta paziphaso: munthu akhale pampando, nsalu yoyera kumbuyo, kamera iphethire, wotsatira alowe. Kuseri kwa katani kunkakhala bambowo, amene anthu ankawatcha a Mwetulirani, chifukwa mawu amenewa ankauza aliyense, ngakhale wodwala dzino. Kumeneko, pakompyuta, ankakonza zimene iwo ankati Mulengi anazipanga mothamanga. Ziphuphu ankafufuta, makwinya ankasita, dazi ankalimeretsa tsitsi. Mkwati wina atalandira chithunzi cha ukwati wake anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti mayi waima pambali pakeyo ndani.

A Mwetulirani anali ndi loto limodzi lokha: kudzajambula chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chija chimapachikidwa m'maofesi, m'masukulu ndi m'zipatala, dzina la wojambula lili m'munsi mwake. Loto limeneli analilota zaka makumi awiri, mpaka akazi awo anasiya kuyankhapo.

Chaka cha chisankho mwayi unagogoda wokha. Mphunzitsi wawo wakale, amene anali atapuma pantchito, anaima nawo pampikisano wa upulezidenti. Chipani chake chinali chaching'ono, galimoto imodzi, nayonso yolira ikakankhidwa. Anabwera kudzajambulitsa pamodzi ndi mkulu wa kampeni, mayi wamfupi wosataya mawu.

"Tikufuna zithunzi ziwiri," anatero mayiyo. "Kakang'ono ka papepala loponyera voti, ndi chachikulu cha pamapositala. Amene chithunzi chake chidzatipambanitse ndiye adzajambulenso cha pakhoma."

Tsono nkhope ya Aphunzitsi, kunena zoona, sinali yoti munthu n'kutembenuka nayo pamsewu. Mphuno inatenga malo a anthu awiri, mano anali ndi mpata wodutsa pensulo. Koma nkhani inali makutu. Anaima chilili uku ndi uku ngati galimoto yoiwala kutseka zitseko. Ana asukulu kale ankati makutu amenewo amamva ngakhale munthu akungoganiza zoonera mayeso.

Kachithunzi kakang'onoko a Mwetulirani anakasiyira akazi awo, poti lamulo silinkalola kukonza chilichonse, ndipo iwo ntchito yopanda luso sankaigwira.

"Yang'anani kuno, Aphunzitsi. Chibwano m'mwamba. Basi, mwatha," anatero akazi a Mwetulirani.

Chachikulucho bambowo anakhala nacho masiku atatu. Mphuno anaisema, mano anawalumikiza, makutu anawapinda mpaka anagona phee kumbali kwa mutu. Tsiku lachitatu anaitana akazi awo kuti adzaone.

"Ameneyu ndani?" anafunsa mayiwo.

"Pulezidenti wamawa."

"Nanga makutu aja mwawasunga kuti?"

"Amayi, inu jambulani ziphaso zanu. Zaluso muzisiyira eni ake."

"Chabwino, abambo. Koma munthu uyu ngakhale mayi ake omubala akanamudutsa osamupatsa moni."

Mkulu wa kampeni anali kutali kumisonkhano, choncho mapositala anasindikizidwa asanawaone, ndipo anamatidwa pamitengo, pamipanda ndi pamakoma a misika.

Kampeni ya Aphunzitsi inali yachilendo. Mawu awo anali aang'ono, osafika mzere wachitatu, ndiye sankavutika n'kukwera pansanja. Ankafika pamsika, n'kuika mpando pakati, n'kutsegula kope. Anthu ankalankhula, iwo akulemba. Patapita milungu ankabwereranso, n'kuloza munthu m'gulu: "Mayi, mlatho munkanena uja, ana akuwolokabe m'madzi?" Anthu ankayang'anana. Andale anawazolowera obwera ndi pakamwa pokha.

Amene ankayembekezeka kupambana anali bwana wina wosalala, amene ankatchedwa a Kalilole chifukwa sankadutsa windo osadziyang'anapo. Tsiku lina pamsonkhano waukulu bwanayo anafuna kuseketsa anthu. "Mukufuna kusankha munthu kapena makutu?" anafunsa. Anthu anaseka mpaka misozi. Koma m'mawa mwake, Aphunzitsi atafika pamsika wina, mayi wogulitsa tomato anaimirira, n'kuika zikhatho kuseri kwa makutu ake. Mnzake anatero, woyendetsa njinga anatero, msika wonse unatero. Sabata isanathe, madalaivala a minibasi ankapatsana moni wotero pamsewu, mpaka apolisi anawapempha kuti dzanja limodzi lizitsala pachiwongolero.

Nthawi yomweyo a Mwetulirani anaona zowawitsa mtima. Pamapositala awo pankamera makutu a makala, akuluakulu ngati mbale. Sanakayike kuti ndi anyamata a Kalilole. M'mawa uliwonse ankatenga ndowa ndi kansalu, n'kumayenda khoma ndi khoma akufufuta, ntchito ya kusitudiyo ataisiyira akazi awo. Akafufuta lero, mawa makutu amera, okulirapo.

Tsiku lina anamupezerera wolakwayo. Anali gogo wina, atakwera pakreti, khala lili m'manja, lilime lili panja chifukwa cha khama.

"Agogo! Akulipirani zingati kuti muzinyoza munthu?"

"Kunyoza? Ine ndikukonza, mwanawe. Chitsiru china chawadula makutu Aphunzitsi athu. Ndiye azitimva ndi chiyani?"

"Amene anajambula chithunzichi ndi katswiri."

"Katswiri wa chiyani? Ife poyamba tinkayesa ndi wotsatsa mafuta odzola. Tagwira kretiyi, ndimalize lamanzereli."

A Mwetulirani anagwira kretiyo, poti gogoyo akanagwa, koma mtima unali ukuwira. Atachoka apo anapita molunjika kwa mkulu wa kampeni kukadandaula. Anapeza mayiyo akuwafunanso.

"Mwabwera bwino," anatero. "Tsiku lovota munthu akalowa m'kachipinda kaja adzafuna nkhope imene anaiona pamsika. Wanuyu palibe akumudziwa. Tipangireni positala ina, makutu onse awiri alipo."

"Ndikhoza kubwezera theka."

"Onse."

"Mayi, ine ndili ndi mbiri yoti nditeteze. Dzina langa silingakhale pansi pa makutu amenewo."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutseka fayilo. Madzulo a tsiku lomwelo anatulukira kusitudiyo, n'kupempha kachithunzi ka papepala loponyera voti kaja. Akazi a Mwetulirani anacheukira kukatani.

"Abambo, ndipereke?"

"Perekani. Aone okha mmene kachithunzi ka chiphaso kamathawitsira anthu."

Anakakulitsa mpaka kukwana khoma la nyumba. Panalibe mawu ambiri, dzina lokha ndi nkhope: mphuno yake yonse, mpata wa mano, makutu ali chilili ngati akudikira kuti wina ayambe kulankhula. Makala anasiya kugwira ntchito. Anthu ankaima patsogolo pake n'kumaseka mwachikondi, monga umasekera malume ako akavala chipewa chatsopano. A Kalilole anayesa kusintha nyimbo, n'kuyamba nawonso kukhala pampando m'misika, koma ankayang'ana wotchi munthu asanamalize chiganizo.

Tsiku lovota mizere inayamba dzuwa lisanatuluke. Ena osadziwa kuwerenga sanafunse n'komwe thandizo. Ankangotsetsereka ndi chala papepala mpaka atafika pamakutu. Zotsatira zitalengezedwa, Aphunzitsi anapambana ndi mpata waukulu kuposa wa mano awo.

Patapita mwezi kunabwera galimoto yaboma kudzaima pakhomo pa wosoka nsapato, poti pasitudiyo panali ngalande. A Mwetulirani anali atavala kale suti, kamera ili pakhosi. Mumtima ankati ukulu ndi ukulu, cha pakhoma sangachipereke kwa wojambula ziphaso. Dalaivala anatulutsa kalata, n'kuwerenga, n'kufunsa za mayi a panyumbapo.

Mayiwo anapukuta m'manja, n'kutenga kamera yawo yakale. Atafika pakhomo anaima.

"Abambo, nyali yowunikira pojambula ija ndi yolemera. Simungandinyamulire?"

Anapita onse. M'chipinda chachikulu cha makapeti, Aphunzitsi anawalandira ndi manja awiri. "Mwana wanga, ndamva unandikongoletsa kwambiri," anatero kwa a Mwetulirani. "Akazi anga asunga positala imodzi. Akuti ndi mwamuna amene ankayenera kukwatiwa naye."

Onse anaseka, a Mwetulirani nawonso, mochedwerako pang'ono. Kenaka anaima pambali atanyamula nyali. Pulezidenti atakhala pampando, dzanja la bambowo linayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, kuti mthunzi ugwere mbali imodzi ya mutu.

"Abambo," anatero mayiwo, diso lili pakamera, "kwezani nyaliyo. Khutu lamanzere silikuoneka."

Anakweza.

Lero chithunzicho chili m'ofesi iliyonse, ndipo m'munsi mwake muli dzina la panyumba pawo ndithu, koma kutsogolo kwake kuli mawu oti "Mayi". China chili m'situdiyo momwemo, pamwamba pa katani. A Mwetulirani amachipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo kasitomala akafunsa amati, "Kuwala mukuonaku ndinakonza ndine." Zaka zonsezo ankayesa kuti munthu amagulitsidwa ndi nkhope, osadziwa kuti Aphunzitsi anali atapeza kale chawo chowavinitsira anthu. Akuluakulu sananame: ukaipa, dziwa nyimbo.