Dambo Limene Anamutayirako Nasiwelo

Kalekale, makolo a makolo anu asanamere mano, panali mayi wina dzina lake Nasiwelo. Anakwatiwa chitengwa kumudzi wakutali. Mwamuna wake atamwalira, alamu ake anatenga munda, anatenga mbuzi, anatenga ndi makasu omwe. Iye ndi ana ake awiri anawalozera kudambo.

"Kakhaleni uko, mlamu," anatero Gwaza, wamkulu wa alamuwo. "Malo ndi ambiri."

Dambolo linali nkhalango yokhayokha. Mitengo ya katope inaima m'madzi akuda, dzuwa osafika pansi. Udzudzu unali ngati utsi. Nasiwelo analira, kenako anamanga chisakasa pachulu.

Anayamba kuonerera nyama. Pamene apusi ankadya zipatso, iyenso ankatola. Pamene katumbu ankamira, iyenso ankatchera mono n'kukola milamba. Nkhanu ankazipeza pansi pa mizu.

Chaka china mvula inakana. Minda ya kumtunda inapsa, zitsime zinauma. Koma pansi pa katope madzi analipobe, ndipo ana a Nasiwelo ankanenepa.

Gwaza anawaona anawo. Anabwera ndi abale ake, nkhwangwa pamapewa, nanena kuti dambolo linali la malemu m'bale wawo, tsono alimapo madimba. Nasiwelo anagwada. Anawapempha kuti atunge madzi, agwire nsomba, koma mitengo aisiye.

"Mkazi wobwera atiuze zochita panthaka ya makolo athu?" anatero Gwaza.

Anadula. Kutacha anadulanso. Apusi anathawa akulira, katumbu anatsika ndi mtsinje. Dzuwa linawomba pamatope, matope anang'ambika, milamba inafera poyera, fungo lake mpaka kumudzi. Chimanga chimene anadzala chinafota chisanafike m'mawondo.

Pamenepo anati Nasiwelo ndi mfiti, waumitsa madzi ndi mankhwala. Anamutenthera chisakasa.

Nasiwelo ananyamuka, mwana wamkulu padzanja, wamng'ono kumsana, akutsata mapazi a katumbu m'khwawa louma. Wamng'onoyo ankapempha madzi. Anapempha, anapemphanso, kenako anasiya. Nasiwelo anamva kathupi kakuzizira pamsana pake, koma nsalu sanamasule.

"Amayi, mwana wagona?" anafunsa wamkuluyo.

"Wagona. Tiye tiziyenda."

Nthano yanga yathera pamenepa, ana inu, nawo moto wazilala. Wadyera amawononga chimene walanda, koma wolira maliro amakhala wina.